Nyumba ya Azakhali pa Tsamba Loyamba

Ntchito yanga ndikaifotokoza anthu amangondiyang'ana pakamwa. Ena amadikira ndimalize, kenako n'kutulutsa foni yosweka galasi kuti ndiwakonzere. Sindikonza mafoni ine! Ndimakonza masamba a pa intaneti, ndipo chachikulu chimene ndimachita n'kuwakankha kuti azioneka. Munthu akalemba mawu pa foni kufufuza chinthu, pamabwera masamba ambirimbiri, ena pamwamba, ena kutali kumene chala sichifika. Ine ndimafufuza mawu amene anthu amakonda kulembawo, n'kuwaika bwinobwino pa tsamba la kasitomala wanga kuti likwere. Ndaigwira zaka zambiri ntchitoyi m'kachipinda kanga ka lendi ku Chinamwali, magetsi akuthimathima, bandulo ikutha ntchito ili pakati, ndipo kunena zoona inandikwana kalekale.

Koma tsamba limene linanditopetsa kuposa onse linali la azakhali anga, alongo awo a bambo.

Azakhali anali ndi malo ogona alendo kumunsi kwa tauni ya Zomba. Ndikuti malo ogona alendo, koma inali nyumba yawo yomweyo, kuseri kwake kuli zipinda zingapo zondondozana. Anamanga ndi malemu amuna awo, amene anagwira ntchito moyo wawo wonse m'nkhalango ya paini kuphiri. Kumeneko ankaona azungu akudutsa ndi zikwama kumsana, nkhope zitafiira, akugula masitiroberi m'mbali mwa msewu, ndiye anati akapuma pa ntchito adzamanga pogona anthu amenewo. Anamangadi. Chimene sanaganize n'chakuti mzungu wobwerera phiri amafuna kugona paphiripo, osati kumunsi kumene phirilo umalionera pamwamba pa denga la aneba. Anamwalira zipindazo zisanaonepo mzungu ndi mmodzi yemwe. Zinkangogonedwa mwa apo ndi apo ndi madalaivala kapena makolo obwera ku mwambo wa ana awo omaliza maphunziro.

Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, amagwira ntchito ku Lilongwe. Ine ndi iye timanyozana monga mwa chisuweni, iye amanditcha akazi ake, ine ndimamuuza kuti mwamuna wa mimba ngati yakeyo sindingamufune olo atandilipira. Koma tsiku lina anandiimbira wopanda nthabwala.

"Akazi anga, amayi ndikuwatenga," anatero. "Nyumba ija ikungodya. Denga likudontha, madzi ndikulipira ndine, alendo kulibe. Mvula ikubwerayi ikatha zinthu zili chomwechi, ndigulitsa, abwere kuno azikhala ndi adzukulu awo."

"Mwawafunsa eni akewo?"

"Ndiwafunse chiyani? Ukulidziwa yankho lawo."

Ndinkalidziwa. Azakhali anabadwira ku Zomba, anakwatiwira ku Zomba, amuna awo agona ku Zomba. Ku Lilongwe anapitako kamodzi n'kubwerako akudandaula fumbi ndi mipanda, ati anthu a kumeneko amakhala ngati nkhuku za m'khola.

Patapita masiku ochepa ndinangoona kabaza waima pakhomo panga, azakhali akutsika movutikira, mpango wawo woyera utapendekera. Sanali oyenda pa njinga iwo, ndiye ndinadziwa kuti zavuta. Atakhala pansi n'kumwa madzi anati, "Mwanangu, ndamva kuti umaika anthu m'foni. Ndiike inenso, alendo andione. Ine ku Lilongwe sindikufunako."

Ndinavomera. Ndikanakana bwanji? Anandiuza okha zoti ndilembe: phiri lokongola, mphepo yabwino, mathithi, mbalame. Anati amuna awo ankatero. Ndinakwera kuphiri Loweruka lina kukajambula zithunzi, galimoto yamatola mpaka pena, kwinako wapansi. Ndinafika nkhungu itakuta ponseponse. Ndinakhala pa mwala ndikudikira kuti iyere, amayi osenza nkhuni akundidutsa, anyani akundiyang'ana thumba. Itayera pang'ono ndinajambula damu, mitengo, ndi tauni yonse ili pansi apo. Ndinatsika ndikudzitukwana ndekha kuti ntchito yaulereyi indipha.

Tsambalo linatuluka lokongola, eti. Koma kukongola sikukweza tsamba. Ukalemba mawu ofuna pogona ku phiri la Zomba, pamwamba ponse pankadzaza maloji akuluakulu a kuphiri komweko, ndi makampani a kunja amene amasungitsa malo a alendo dziko lonse lapansi. Amenewo ali ndi anthu olipidwa mwezi ndi mwezi kuti asatsike. Ine ndi laputopu yanga yotentha ngati mbaula ndikanalimbana nawo bwanji? Tsamba la azakhali linali kutali, kutali zedi, ine mwini wakene ndinkatopa kulifunafuna. Ndinasintha mitu, ndinachepetsa zithunzi kuti lizitseguka msanga, ndinapempha anzanga aliike pa masamba awo. Linangosuntha pang'ono n'kuima.

Azakhali ankandiimbira m'mawa uliwonse akamaliza kuswali. "Takwera?"

"Sitinakwere, azakhali."

"Nanga ukudikira chiyani?"

Ndinkangoluma mano. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa, ndowa zinayamba kuikidwa m'zipinda zopanda anthu.

Ndiye ndinasiya za phiri n'kuchita zimene ndinayenera kuchita poyamba, ndikanapanda kumvera maloto a malemu. Pali zida pa intaneti zimene zimakuonetsa mawu amene anthu amalemba pofufuza, ndi mafunso amene amafunsa. Ndinakhala nazo masana onse, ndikulemba Zomba, pogona, chipinda, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, n'kumaona zimene zikutsatira. Za phiri zinalipo zambiri ndithu. Koma pansi pake pankabwerabwera mawu ena amene sindinawaganizepo. Pogona pafupi ndi chipatala ku Zomba. Chipinda chotchipa pafupi ndi chipatala. Malo oti woyang'anira wodwala angaphikepo. Ofufuzawo sanali ambiri ngati a phiri, koma nditalemba mawuwo ndekha kuti ndione amene akuwayankha, panalibe ndi mmodzi yemwe. Pankangobwera maloji omwe aja, ndi zithunzi za madziwe osambiramo.

Ndinaseka ndekha, kuseka kotopa. Kuchokera pa nyumba ya azakhali kukafika kuchipatala chachikulu munthu amayenda wapansi phala lisanazizire.

Ndinapita kukawauza mawa lake. Ndinawapeza akusesa pakhonde la zipinda zija, zimene ankasesa tsiku ndi tsiku ngati muli anthu. Nditafotokoza anaimika tsache.

"Ukuti nyumba yanga idziwike ndi matenda?"

"Ndikuti idziwike, azakhali. Panopa sikudziwika ndi chilichonse."

"Amuna anga sanamangire zimenezo."

"Amuna anu anamangira azungu, ali kuti azunguwo? Mwawabisa kubafa?"

Ndinalankhula mopsa mtima, ndipo anandiyang'ana ndi diso lija limene bambo anga ankandiyang'ana nalo ndili mwana. Anati ana a masiku ano pakamwa pathu palibe chitseko. Ndinawauza kuti ine ndatopa, kuti mawu a phiri ndingawalembe mpaka zala zithyoke ndipo sitidzakwera, asankhe okha pakati pa chipatala ndi Lilongwe. Ndinanyamula chikwama changa n'kumapita. Ndisanafike pageti anandiitana.

"Lemba. Koma chithunzi cha phiri usachotse."

Ndinachisiya chimodzi, pansi penipeni. Zina zonse ndinasintha. Mutu wa tsamba unanena za pogona pafupi ndi chipatala. Ndinalemba mafunso amene anthu ankafunsa aja n'kuwayankha limodzilimodzi: kuti pali pophikira, kuti mbaula ilipo, kuti madzi otentha alipo m'mawa, kuti chakudya cha pakhomopo n'cha halaali, kuti geti limatsegulidwa molawirira kwa opita kukapereka phala. Ndinajambula khitchini, chingwe choyanikira, ndi njira yopita kuchipatala. Ndinalembetsa nyumbayo pa mapu a pa foni. Pamwamba ndinaika nambala ya azakhali, zilembo zikuluzikulu.

Kenako kudikira. Ntchito imeneyi kuipa kwake n'kumeneko, umabzala lero osadziwa ngati zimera. Sabata zinapita. Tsiku lina ndili pa mzere wogula magetsi ndinalemba mawu aja pa foni mongoyesa, ndipo ndinakuwa mpaka bambo amene anali patsogolo panga anatembenuka. Tinali pa tsamba loyamba. Pasanapite nthawi tinali pamwamba penipeni.

Woyamba kuimba anali mnyamata wogwira ntchito ku Joni. Bambo ake anatumizidwa kuchipatala chachikulu kuchokera kwawo ku Machinga, ndipo amayi ake, okalamba kale, ankagona pansi kumalo kumene oyang'anira odwala amagona, miyendo itatupa. Iye ali kutali, chimene akanatha n'kufufuza pa foni. Ndinazindikira pamenepo kuti olemba mawu aja sanali odwala kapena owayang'anira, anali ana awo a ku Joni, ku Blantyre, ku Lilongwe, amene mtima unkawawawa ali pa ntchito. Mayiyo anafika ndi beseni pamutu, muli mapoto ndi zitenje. Azakhali anamulandira m'Chiyao, ndipo nkhope ya mayiyo inamasuka pomwepo.

Atatero anabwera ena. Mayi wa ku Phalombe amene mwana wake anathyoka mwendo. Bambo wina wachete amene mkazi wake anali ku chipinda cha amayi oyembekezera. Atsikana awiri apachibale amene ankasinthana kugona kuchipatala. Pofika pakati pa dzinja zipinda zonse zinali ndi anthu, chingwe chodzaza zovala, utsi wa mbaula m'mawa uliwonse. Azakhali anasiya kundifunsa ngati takwera. Ankayenda mothamanga ngati mtsikana, akulamula uyu, akuseka ndi uyo. Ine ndinati basi, ndagwira ntchito, ndipume.

Ha! Walira mvula walira matope.

Ndinazitulukira mwangozi. Ndinapitako masana ena n'kupeza mayi wa ku Machinga uja akutsanzika, amuna ake atawatulutsa m'chipatala. Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa ndalama zimene mwana wake anatumiza. Azakhali anamugwira dzanja n'kulipinda.

"Kagulireni bambo mazira ndi mkaka, apeze mphamvu. Pitani bwino."

Mayiyo atatuluka pageti ndinafunsa, "Azakhali, analipira kale eti?"

"Alipire chiyani?"

"Chipinda!"

"Iwe, munthu wa matenda umamulipiritsa? Unaona kuti zimenezo?"

Mutu wanga unaima. Ndinafunsa za enawo. Wa ku Phalombe sanalipire chifukwa mwana wake anali asanachire. Bambo wachete uja sanalipire chifukwa mkazi wake anabereka mwana wosakwana masiku. Atsikana aja mayi awo anamwalira, ndiye azakhali anawaperekanso chipepeso, n'kuwaperekeza mpaka pokwerera minibasi. Amene ankalipira anali okhawo amene anakakamira mpaka kusiya ndalama pansi pa pilo. Ndipo sikuti ankangowagoneka ayi. Ankawaphikira tiyi, ankawagawira makala, masana ankavala mpango n'kupita nawo kuchipatala kukazonda odwala amene sanawaonepo chibadwire.

"Azakhali, iyi ndi bizinesi!" ndinakuwa. "Anthuwa ana awo akutumiza ndalama. Akufuna kulipira. Ine ndathyoka msana kuti nyumba ino ipulumuke, inu mukuigawa ngati sadaka?"

"Ndiye ndi sadaka kumene," anatero osakweza mawu. "Mzungu ndikanamulipiritsa, wabwera kudzasangalala. Dalaivala ndimamulipiritsa. Koma munthu walowa pakhomo panga maso ali ofiira, sakudziwa ngati mawa akamupeza m'bale wake ali moyo, ine nditambasule dzanja? Amayi anga akanandilavulira. Unandibweretsera ndiwe anthu amenewa, sindinawaitane ine."

Pamenepo ndiye pamene panandiwawa kwambiri, chifukwa zinali zoona. Ndinafufuza mawu onse amene anthu a kutali amalemba, koma azakhali anga enieni, amene ndinakulira pa miyendo yawo, sindinawaganizire. Kwathu munthu akadwala, aneba amabwera ndi ufa, ndi nkhuni, ndi kandalama m'manja. Palibe amene amabwera kudzatenga. Ndinkazidziwa zimenezi, ndinangoziiwala nditayang'ana pa laputopu.

Ndinayesa njira zonse, abale. Ndinalemba mitengo pa tsamba kuti anthu azidziwiratu. Ndinati ana aja azitumiza ndalama ku foni yanga asanafike makolo awo. Zinayenda kwa anthu awiri atatu, kenako azakhali anazindikira, ndipo ankandituma kuti ndibweze, apo ayi ankatenga za m'thumba mwawo n'kumupatsa mlendoyo pochoka. Ndinaganiza zobwezeretsa mawu a phiri, koma kumeneko kunalibe aliyense. Ndinawachonderera, ndinawakalipira, tsiku lina ndinalira kumene. Iwo ankangonditsanulira tiyi n'kunena kuti ndaonda, ndizidya.

Msuweni wanga anabwera mvula itatsala pang'ono kutha. Ataona zovala pa chingwe ndi anthu pakhonde anasangalala, anandimenya paphewa. "Akazi anga, ndiwe mfiti! Ndikukwatira basi." Sindinaseke. Anakhala masiku awiri, anaona bilu ya madzi, anaona matumba a makala opanda kanthu, anaona amayi ake akupinda dzanja la mlendo wina pageti. Madzulo a tsiku lachiwiri anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Poyamba nyumbayi inkangodya. Pano ikudya ndi alendo omwe." Anapukuta nkhope ndi dzanja. Sanali wokwiya, anali wotopa ngati ine ndemwe. "Ndipo waona miyendo yawo? Akuyenda ulendo wa kuchipatala tsiku lililonse, shuga ali nayo. Adzagwa panjira amayiwa. Ine ndili ndi ana kusukulu, sindingathe kudyetsa chipatala chonse."

Ndinangomuuza kuti akawauze yekha, ine sindikhalapo.

Sindinakhalepodi. Ndinamva kuti azakhali sanakuwe, sanalire. Anangopempha kuti alendo amene analipo asathamangitsidwe mpaka odwala awo atatuluka, ndipo msuweni anavomera. Nyumbayo inagulidwa ndi munthu wina amene anaisandutsa hositelo ya ana a sukulu. Tsiku losamuka ndinathandiza kumanga katundu. Azakhali anagawa mapoto, mbaula ndi mabeseni kwa aneba. Atakwera galimoto anandiitana pawindo, ine n'kumaganiza kuti andiuza mawu aakulu. Anangoti ndizipita kumanda kwa amuna awo kukazula udzu, chifukwa ana a masiku ano sitikumbuka.

Ndinabwerera ku Chinamwali, kwa makasitomala anga ogulitsa matayala ndi a sukulu za mkaka, onse ofuna kukhala pamwamba mawa lomwe. Za tsamba la azakhali sindinafune n'kuziganiza komwe. Ndinalisiya momwemo, osalitsegula.

Patapita miyezi uthenga unabwera wondikumbutsa kuti nthawi yolipira dzina la tsambalo yakwana, ndikapanda kulipira lizimitsidwa. Ndinalemba mawu aja pa foni kuti ndione. Linali pompo, pamwamba, nambala ya azakhali ili poyera. Masamba amene ndimawasamalira usana ndi usiku amatsika okha, ili lopanda nyumba n'kumangokhala! Ndinapsa mtima. Ndinaganiza za anthu amene akuimba n'kumauzidwa kuti malowo kulibe. Ndinawaimbira azakhali.

Anayankha msanga, foni isanalire kawiri. Mawu awo anali ochepa mphamvu. Ndinafunsa za moyo, anati ali bwino, adzukulu ali kusukulu, makolo awo ali kuntchito, geti n'lokiya, akungokhala.

"Azakhali, tsamba lija ndikulichotsa. Anthu akumakuvutitsani ndi mafoni pachabe."

"Ndani wakuuza kuti akundivutitsa?"

"Nanga mumawauza chiyani? Nyumba palibe."

Anandifotokozera. Akaimba munthu, amayamba amufunsa amene wadwala, ndi chimene chikumuvuta, ndi kumene akuchokera. Kenako amamuuza kuti adikire, n'kuimbira amayi a kumzikiti kwawo ku Zomba, kapena aneba awo akale, mpaka atapeza wina amene ali ndi kachipinda kapena mphasa yapadera. Amamuuza mlendoyo potsikira, ndi kabaza woti amufunse. Ena amaimbanso pambuyo pake kunena kuti wodwala wachira. Ena amaimba kunena kuti zakanika, ndipo amalira limodzi pa foni.

"Dzulo anaimba mtsikana wa ku Balaka," anatero. "Tinacheza mpaka mayunitsi ake anatha."

"Koma azakhali, si ntchito yanu imeneyo. Mupume."

Ndinkamva wailesi ikulankhula chapatali m'nyumba yopanda anthu.

"Mwanangu," anatero, "ukalichotsa, andiimbira ndani?"

Ndinangoti netiweki ikuvuta, ndiimbanso. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali foni ili m'manja. Kenako ndinatsegula laputopu, ndinalipira dzina lija, ndinachotsa zithunzi za nyumba ndi mitengo ya zipinda, n'kulemba kuti imbani nambala iyi, mayi wina akuthandizani kupeza pogona. Mpaka lero mwezi uliwonse ndimalitsegula kuona ngati latsika, ndipo likatsika ndimalikankhanso.